Nyundo ndi Chitsononkho

Padangokhala!

Tili tonse!

Ku Chapananga, tsidya la mtsinje wa Mwanza, kufupi ndi nkhalango ya Majete, kunali mwamuna wina wolima thonje. Thonje litamuyanja zaka zingapo, anagulitsanso ng'ombe ziwiri ndi mbuzi za m'khola, nakwera mapiri kupita ku Limbe kukagula chigayo cha dizilo. Anachimangira kanyumba ka malata m'mphepete mwa msewu. Koma poti iye ankadziwa khasu osati makina, analemba ntchito mkulu wina amene imvi zinamumera akugaya m'zigayo za ku Nchalo ndi ku Ngabu. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale, ankangoti Madala.

Madala anali ndi khalidwe limodzi limene linkamunyansa mwini chigayo. Dzuwa likangofiira, mkuluyu ankazimitsa injini. Kaya pakhomo patsale amayi atatu ndi madengu awo, iye ankangoti, "Mubwere m'mawa, amayi, mudzayamba ndinu." Kenako ankakhala pa chitsa kudikira kuti chitsulo chizizire. Chikazizira ankamasula chitseko cha chigayo n'kusolola sefa. Sefa ya chigayo ndi chitsulo chopyapyala, chokhota, chodzaza ndi timabowo, ndipo imalowa m'tingalande tiwiri ta m'mbali. Zitsulo zozungulira zikamaphwanya chimanga, ufa wosalala wokha ndi umene umadutsa pa timabowoto, chotsala chimapitirira kumenyedwa mpaka chisalale. Madala ankagogoda sefayo ndi kamtengo, n'kuikwecha ndi chitsononkho, n'kutokosa m'tingalandemo ndi sipoko ya njinga. Fumbi la ufa limene lagwa pansi ankalisesa n'kupita nalo kukapatsa nkhuku zake.

Mwini chigayo ankayang'ana zonsezi akuwerengera m'mutu. Amayi atatu madzulo alionse, pa sabata ndi ndalama zingati? Nanga pa mwezi? Ndipo chigayocho chinali chisanadwalepo chikhalire, ndiye kuchipukuta tsiku ndi tsiku n'kwa chiyani?

Chakumapeto kwa chaka cha 2021 kunabwera mphwake, mwana wa mlongo wake, kuchokera ku Johannesburg. Anali mnyamata wa dzitho, wachangu, wodziwa kulankhula. Kumeneko ankagwira ntchito m'nyumba yogulitsiramo khofi, koma ntchito inatha. Atangokhala sabata imodzi pachigayo anati, "Atsibweni, mkuluyu akukudyerani nthawi. Ku Joni makina sagona dzuwa lili m'mwamba. Komanso ufa umene amanyamula madzulo aja, munayamba mwauyesapo kuti ndi wochuluka bwanji?"

Mawu amenewa anagwera pa mtima wotupa kale. Tsiku lotsatira, pamaso pa amayi ogayitsa, mwini chigayo anamutcha Madala waulesi ndi wakuba ufa, namuuza kuti asadzapondenso pamenepo. Malipiro a miyezi iwiri anawagwira, ati ndi mtengo wa ufa wobedwawo. Madala sanayankhe. Anatola chipewa chake ndi kamtengo kake, nasiya chitsononkho pawindo, ulendo wa kwawo.

Kuyambira pamenepo chigayo chinkalira mpaka usiku, mnyamata akugaya ndi tochi ya foni pakamwa. Sefa sinasololedwenso. Ndalama zinachulukadi, ndipo atsibweni ankauza aliyense kuti akanadziwa akanamuchotsa kale mkulu uja.

Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana. Mwanza anadzaza mpaka kugumula mlatho wautali wa Chapananga. Ku Kapichira madzi anaononga damu, magetsi anayamba kusowa m'dziko lonse, zigayo zoyendera magetsi zinkangokhala duu. Anthu a midzi yakutali anayamba kulondola kumene kukumveka injini ya dizilo. Ena ankabwera ndi chimanga cha thandizo, ena mapira, ena mchewere umene anaupulumutsa m'madzi. Dzuwa linkaoneka mwa apo ndi apo, choncho mphale yoviika inkabwera isanaume bwino. Madala akanaifinya m'dzanja n'kuibweza kuti ikayanikidwenso. Mnyamata ankangothira. Chigayo chikatentha, chinyezi cha mphaleyo chinkasanduka nthunzi, ufa n'kukhala phala m'tingalande muja. Usiku phalalo linkauma, m'mawa lina n'kusanjikika pamwamba pake, dzimbiri nalo n'kumadya chitsulo pansi pake mwakachetechete.

Tsiku lina, dzuwa lili paliwombo, kunamveka phokoso loti khwaa! Msomali umene unali m'chimanga cha wina unang'amba sefa. Ufa unayamba kutuluka ndi misere. Mayi amene ankagayitsa anautapa m'dzanja nati, "Achimwene, ndabwera kudzagayitsa ufa wa nsima, osati chakudya cha anapiye."

"Musade nkhawa, mayi, sefa ina ilipo," anatero mnyamata. Inalipodi, yatsopano, yopachikidwa pa msomali kukhoma. Madala ndi amene anakakamiza kuti igulidwe. Chinangotsala n'kuchotsa yakaleyo.

Mnyamata anatsegula chitseko chitsulo chikadali chamoto, anakulunga dzanja ndi thumba, nakoka. Sefa sinasunthe. Anaponda ndi mwendo umodzi pachigayo, nakoka ndi manja awiri. Ayi ndithu. Anaitanitsa nyundo. Anamenya mbali ya kumanja mpaka thukuta kamukamu, sefa inasuntha pang'ono mbali yomweyo yokha, n'kupingasa. Pamene poyamba inali yomatirira chabe, tsopano inali yopanikizika. Anamenyanso kumanzere, nyundo inaphonya n'kupinda mlomo wa kangalande. Kuyambira tsiku limenelo anthu anamupatsa dzina loti Nyundo.

M'mawa mwake atsibweni anaitana anyamata anayi amene ankaolotsa anthu ndi katundu pa Mwanza. Anabwera ndi chitsulo chokumbira maenje, nachilowetsa pong'ambika paja, n'kukanikiza onse pamodzi. Chitsulo chopyapyala chija chinangong'ambika kwambiri, koma m'mphepete mwake munatsala momwemo, nganganga.

Tsiku lachitatu atsibweni anati, "Chimene chakanika anthu, ng'ombe zichita." Anamasula ng'ombe ziwiri pa ngolo, namanga chingwe pa chotsalira cha sefa. Mkwapulo utalira, ng'ombe zinakoka ndi mtima wonse. Sefa sinatuluke, koma chigayo chonse chinanyamuka mbali imodzi, mabawuti awiri n'kuzuka ndi simenti yomwe, lamba n'kugwera uko. Amayi amene anali pamzere anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako anasenza madengu awo kubwerera ku mtondo ndi ku mphero. Madzulo amenewo m'mudzi monse munkangomveka minsi, ndipo atsikana osinja anapeka nyimbo yawo:

Nyundo iwe, Nyundo,
wagaya chiyani lero?
Wagaya chitsulo,
nsima tidya mawa.

Munthu akakanika chinthu amafuna wina womuloza chala. Anthu ena anayamba kunong'ona kuti sefa siingakane ng'ombe popanda dzanja la munthu. Kodi mkulu uja sanachoke wokwiya? Nanga chitsononkho chija anachisiyiranji pawindo? Mwini chigayo anatenga chitsononkhocho ndi timitengo tiwiri, poopa kuchikhudza, napita nacho kwa a Nyakwawa.

"Mfumu, Madala andimangira chigayo. Umboni ndi uwu."

A Nyakwawa anachitola ndi manja, nachitembenuza uku ndi uku. "Ichi ndi chitsononkho. Kuseri kwa nkhokwe yanga ziliko zambiri. Mkulu mukunenayo munasiyana naye bwanji?"

Mwini chigayo anafotokoza, akudumpha zina.

"Malipiro ake munamupatsa?"

Anayang'ana pansi.

"Ndiye mlandu ndauona, koma si umene mwabwera nawo. Ndipo ndimve kuti wina wakaponya mwala pa nyumba ya nkhalamba ija chifukwa cha mawu anuwa, mudzayankha ndinu, kuno ndi kupolisi komwe. Pitani."

Usiku umenewo Nyundo anakhala pakhonde la amayi ake, nsima ya misere ili pambale osaikhudza. Atsibweni anafika nakhala pa mpando osalankhula. Patapita nthawi mnyamata anati, "Atsibweni, pali chimene ndakumbuka, ndipo chikundichititsa manyazi."

"Nena, mphwanga."

"Kumene ndinkagwira ntchito kuja kunali makina opangira khofi amene amati espresso. Ali ndi kasefa kachitsulo kokwana m'chikhatho, kokhala m'chogwirira chake. Mumathiramo khofi wopera, n'kumutsindira, n'kumangirira ku makinawo, ndiye madzi otentha amadutsamo mwamphamvu. Khofi ali ndi mafuta. Mafutawo akamatenthedwa tsiku lonse amada n'kusanduka ulimbo m'mphepete mwa kasefako. Ntchito yanga madzulo alionse, alendo akatha, inali kuchotsa tisefa tonse, kutiviika m'madzi otentha, kukwecha ndi burashi, n'kupukuta mphira wa makinawo. Sabata ina ndinazemba. Kasefa kamodzi kanakakamira, ine n'kutenga mpeni kuti ndikazule. Mayi amene ankatiyang'anira anandigwira mkono. Anaika chogwiriracho m'madzi otentha, tinadikira, kenako analowetsa msonga ya supuni pansi pa mlomo wa kasefako, kutukula pang'ono apa, kuzungulira, kutukula pang'ono apo. Kanangoti fwamphu. Anandiuza kuti ndikanapinda mlomo wake, madzi akanamatulukira m'mbali ndipo kasefako kakanatayidwa."

Amayi ake, amene ankamvetsera ali pakhomo, anati, "Ndiye iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, amayi."

"Makina a eni ake unkawasambitsa usiku ulionse, koma a atsibweni ako unawaona oyenera nyundo. Ndipo munthu amene ankachita kuno zomwe iwe unkachita ku Joni unamutcha waulesi." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Nanunso achimwene, mwana akalankhula zopusa, wamkulu amaseka n'kupitiriza ntchito. Inu munamuombera m'manja."

Kutacha, mwini chigayo anakulunga ndalama za miyezi iwiri ija m'pepala, natuma kamwana kuti kakapereke ndi kuwauza Madala kuti abwere msanga. Kamwanako kanabwerako ndi pepala lomwelo losamasula. Anaonjezapo ndalama za mwezi wachitatu. Zinabwereranso. Anafuna kutuma anyamata oolotsa aja kuti akamunyamule, koma mlongo wake anamuletsa. "Mwayesa nyundo, mwayesa ng'ombe. Munthunso mukufuna mumuchite chimodzimodzi? Nyamukani, tipite tonse."

Anawapeza Madala akuluka dengu pansi pa mtengo wa masawu. Atalonjerana, mwini chigayo anavula chipewa nakhala pansi, mpando ataukana.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Ndinakulakwirani."

Madala anapitiriza kuluka. "Pepani sapoletsa chilonda, mwananga."

"Ndalama zanu ndi izi."

"Ndalamazo ndi zanga kale, sizogulira ine. Ziike apo. Koma pali china chimene unanditengera. Chichokere ine kuja, mdzukulu wanga akapita kumjigo anzake amamuti mdzukulu wa wakuba ufa. Dzulo ndamva kuti ndasandukanso mfiti. Unandinyoza pamaso pa anthu, ndiye wabwera kudzapepesa pansi pa mtengo pomwe mboni ndi nkhuku?"

Mwini chigayo anamva kutentha m'makutu. Kupereka ndalama kunali kopepuka, koma ichi chinali cholemera. Anayang'ana mlongo wake, mlongo wake anayang'ana kumbali. Pomaliza anati, "Ndamva, bambo."

Tsiku lotsatira anthu anasonkhana pachigayo, a Nyakwawa ali pomwepo. Mwini chigayo anaimirira nanena poyera kuti Madala sanabe kanthu, kuti ufa umene ankanyamula unali zosesa za pansi, kuti nkhani ya ufiti anaikulitsa ndi iye chifukwa cha manyazi. Nyundo naye anagwada napepesa. Apo m'pamene Madala anavula malaya, nawapachika pa msomali.

"Wiritsani madzi ndowa imodzi. Wina andipezere sipoko ya njinga, kamtengo kolimba, nsanza zoyera ndi mafuta ophikira pang'ono. Chitsononkho changa chili kuti?"

A Nyakwawa anachitulutsa m'thumba la jekete, anthu n'kuseka.

Nyundo, pofuna kuthandiza, anabwera ndi botolo la dizilo. "Agogo, uyu amasungunula dzimbiri msanga."

"Amasungunuladi. Ndiye mudzi wonse udye nsima yonunkha dizilo mpaka Pasaka? Muno mumadutsa chakudya cha anthu. Bweza."

Mkuluyo sanayambe ndi kukoka. Anagwada, nalowetsa mutu m'chigayo, nayendetsa chala m'mphepete monse mwa sefa kufufuza pamene yagwira. Anaviika nsanza m'madzi otentha n'kuziyala m'tingalande muja. Zikazizira ankaviikanso. Anthu anayamba kutopa, ena anapita kukamwetsa mbuzi n'kubwerako, iye akadali pa nsanza zake. Kenako anatenga sipoko, anaipinda kumsonga, nayamba kutokosa. Munkatuluka zinthu zakuda, zolimba kunja, zofewa m'kati, zonunkha chimera chowola. Anazisonkhanitsa pa lichero mpaka zinakwana dzanja lodzaza. Anadontheza mafuta ophikira mbali zonse ziwiri, napita kukakhala pa chitsa chake chija.

"Tsopano tikudikira chiyani, agogo?"

"Mafuta ayende. Alibe miyendo, amachita kukwawa."

Dzuwa litapendeka anadzuka. Anaika kamtengo pa mlomo umene nyundo inapinda, nauwongola pang'onopang'ono. Ndiye anayamba kugogoda sefa, osati mbali imene inasuntha ija, koma kuibweza kaye m'mbuyo kuti iime mowongoka monga inalowera. Itawongoka, anagogoda kumanja kamodzi, kumanzere kamodzi, kumanja, kumanzere, mopepuka moti amene anali kunja sankamva n'komwe. Anaitana Nyundo. "Gwira apa ndi apa. Usakoke ndi mapewa, koka ndi zala. Ikakana, siya."

Mnyamata anagwira. Sefa imene inakana amuna anayi ndi ng'ombe ziwiri inasololoka m'manja mwake, ikulira kwii. Amayi anaimba nthungululu.

Madala ananyamula lichero lija naliyendetsa pamaso pa anthu. "Onani mankhwala amene ndinamangira chigayo. Ndi ufa wanu womwe, wa Lolemba, wa Lachiwiri, wa Lachitatu. Tsiku lililonse unkatsalira wochepa woti n'kuuchotsa ndi chitsononkho munthu akucheza. Mwausiya miyezi iwiri, wafuna tsiku lathunthu."

Anakwecha tingalande, anapukuta mpaka kuuma kuti dzimbiri lisabwerere, nalowetsa sefa yatsopano. Koma chigayo sichinalire tsiku limenelo. Mabawuti amene ng'ombe zinazula ankafunika simenti, ndipo kangalande kamene nyundo inapinda kanali ndi mng'alu wofunika wowotcherera. Mlatho kunalibe. Mwini chigayo anaoloka Mwanza wapansi, madzi a m'chiuno, kukatenga mmisiri ku boma la Chikwawa, n'kulipira anyamata omunyamulira makina ake ndi thumba la simenti pamutu. Ndalama zonse zimene anapindula pogaya usiku zinathera pamenepo, n'kugulitsanso mbuzi. Ufa womatirira unachoka ndi madzi otentha a ulere, koma zimene anaononga ndi mphamvu ndi zimene zinamudyera chuma.

Madala anabwerera pa ntchito, koma anati maso ake ayamba kuchita chidima, sakhalitsa. Anamuphunzitsa Nyundo kufinya mphale m'dzanja asanaithire, kuuza amayi kuti apete ndi kusankha miyala ndi misomali, kumvetsera kulira kwa injini. Dzina la Nyundo silinachoke, poti dzina la chipongwe silifa. Mlendo akafunsa chifukwa chake munthu wofatsa chonchi amatchedwa Nyundo, iye mwini ndi amene amafotokoza nkhani yonse, kuti winanso asagwe m'mbuna yomweyo.

Ana inu, nthanoyi ikutiphunzitsa zinthu zitatu. Choyamba, chinthu chikakakamira, funsani kaye chimene chachigwira musanafunse kumene kuli nyundo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachiwiri, pali ntchito zina zimene zikamagwiridwa bwino sizioneka, chifukwa phindu lake ndi vuto limene silinabwere. Wosesa, wotsuka, wothira mafuta, wokonza mjigo usanafe, musamuyese waulesi poona kuti zonse zili bwino, pakuti zili bwino chifukwa cha iyeyo. Chachitatu, mtima wa munthu amene mwamulakwira sutsegulidwa ndi ndalama zotumiza kamwana kapena ndi anyamata amphamvu. Mumapita nokha, n'kuchotsa chimene munaikapo, pamalo pomwe munachiikira.

Nthano yanga yathera pomwepa.